Windo lake liti pokwera ndege pa Chileka?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiwatsine khutu anzathu amene amakwera ndege pa Chileka. Ambiri amangopempha mpando wa pawindo osafunsa kuti mbali iti, mapeto ake ulendo wonse n'kumangoyang'ana phiko kapena kuthobwa m'maso ndi dzuwa. Tikiti ndi yodula, ndipo zimandiwawa kuti munthu aphonye kuona dziko lake ali m'mwamba chifukwa cha chilembo chimodzi.

Mpando wa A umakhala kumanzere mukayang'ana kutsogolo. Mu Boeing 737, momwe mipando imakhala itatu uku itatu uko, wa pawindo kumanja ndi F.

Popita ku Lilongwe ndege imaloza kumpoto, ndiye kumanja ndi kum'mawa. Uko ndiye kuli phiri la Zomba, ndipo kunja kukayera bwino nyanja ya Chilwa imanyezimira kuseri kwake. Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limatsalira kumbuyo chakumanja, choncho tembenukani ndege ikangonyamuka. Pobwerera zonsezi zimakhala kumanzere, tengani A. Popita ku Johannesburg, kumanzere ndiye kuli chigwa cha Shire ndi minda yobiriwira ya nzimbe ya ku Nchalo, pomwe mtsinje wa Zambezi mumaudutsa pamwamba, umaoneka mbali zonse.

Koma dzuwa lingakusokonezeni. Mukanyamuka m'mamawa kupita kumpoto limawomba windo la kumanja, mapiri n'kumangooneka ngati zithunzithunzi. Mbali imeneyi imakoma masana dzuwa litapendeka.

Nkhani ya phiko ndiyo imagwetsa ambiri. Pa 737 phiko lili m'munsi, ndipo mizere yapakati, kuphatikizapo ya pa zitseko zotulukira pangozi, imaphimbiratu pansi. Khalani kutsogolo kwa phiko ngati malo alipo. Kumbuyo kwake mumaona ndithu, kungoti mpweya wotentha wochokera mu injini umachititsa kuti zithunzi zituluke zosaoneka bwino, komanso kumchira kumagwedeza kwambiri. Ndege ya mapulopela ya Q400 phiko lake lili pamwamba ndipo imauluka m'munsiko, moti midzi ndi misewu zimaoneka bwino, bola mupewe mizere yoyang'anizana ndi injini. Dziwaninso kuti pa 737-800 pali mzere wina kutsogolo kwa phiko, kumanzere, umene uli ndi khoma lokhalokha chifukwa m'menemo mumadutsa paipi ya mpweya. Onani mapu a mipando pa intaneti pogula tikiti, kapena fikani msanga pabwalo mufunse mipando isanathe.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Mu Epulo ndi Meyi, mvula itangosiya, kumwamba kumakhala kotsukika. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimakuta chilichonse, pomwe m'nyengo yozizira chiperoni chimatha kubisa Mulanje yense.

Ofuna kujambula, valani chovala chakuda kuti chisaonekere pagalasi, zimitsani fulashi, ndipo foni muyandikize pawindo koma isakhudze, chifukwa kunjenjemera kwa ndege kumalowa m'chithunzi. Kabowo kakang'ono komwe mumakaona m'munsi mwa windo kasakuopseni. Anakaika dala kuti mpweya uzidutsa pakati pa magalasi ndiponso kuti windo lisachite nkhungu.

Wowerenga wanu,
Chirimba, Blantyre