Kwa nonse osaka ntchito pa app yathu: nkhani ya ma SMS ija

Abale ndi alongo, makasitomala athu,

Kalata iyi ndakhala ndikuizengereza, chifukwa ine sindikonda kuyanika mavuto anga pagulu, koma ena mwayamba kundiimitsa pa Katoto kufunsa kuti bwanji ma meseji a ntchito sakubwera ngati kale. Nde ndingonena basi. Kuyambira pa 1 mwezi wamawa ma SMS okudziwitsani ntchito zatsopano sakhalanso aulere. Amene mukuwafunabe muzilipira kangachepe pamwezi pa Airtel Money kapena Mpamba, mtengo muupeza mu app momwemo. Kuona ntchito ndi kutumiza CV ndi ulere ngati kale.

Ndikudziwa ena munena kuti ayamba dyera. Dyera lake liti abale? SMS iliyonse imene imalira pafoni panu ife timaigula, imodzi imodzi, kwa kampani ina imene sinditchula dzina, ndipo anthu amenewa amakweza mtengo mmene afunira, kungotumiza imelo madzulo kuti kuyambira mawa zasintha, ngati kuti ife timatola ndalama mumsewu. Ntchito imodzi ya ukalaliki ikatuluka meseji imapita kwa aliyense wa MSCE, ndipo amene amalipira ndi ine. Seva imene imasunga ma CV anu ili kunja, imalipiridwa m'madola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ife tikungopirira osakweza chilichonse, tikuti mwina zisintha. Kubanki nako ukapempha dola akupatsa fomu, ukadzaza akuti tikuimbirani, sabata ikutha, ubwerere akuti fomu yako ili ku likulu. Ulendo wina seva inatsala pang'ono kuzimitsidwa, ndinagona osagona. Onjezaninso vuto la magetsi. App iyi mbali yaikulu ndailemba usiku ndi batire ya laputopu, nditafunda bulangeti kuzizira kwa Mzuzu kwa June kuja, ndiye munthu akamati dyera zimandiwawa ndithu.

Anzanga ena anandilangiza kuti ingoika malonda mu app, ndalama zibwera zokha. Ndinakana. Malonda amadya bandulo yanu, ndipo ambiri amakhala a ngongole zachangu, munthu wopanda ntchito kumuonetsa katapila tsiku lililonse ndi kumuponya m'dzenje.

Chimene tachita ndi kukonzanso app yonse kuti ngakhale opanda SMS musaphonye ntchito. Maganizo ake anandibwerera nditakhala ndi mnyamata wina ku Chibavi ndikumuonerera akugwiritsa ntchito app yathu pa ka itel kosweka sikirini. Zimene ndinaona zinandichititsa manyazi. Logo za makampani zimachedwa kutseguka, batani lotumizira CV linali pansi penipeni pamene galasi linasweka, ndipo pasiwedi anali ataiwala kalekale. Ife tinapanga app yokongola pafoni zathu, osati pafoni zanu. Ndiye zithunzi zonse tachotsa, atsala malemba okhaokha. Pasiwedi kulibenso, mulowa ndi nambala yanu ya foni, tikutumizirani khodi kamodzi kokha (SMS imeneyo ndilipira ndine, musadandaule). Mukatsegula ikufunsani zinthu ziwiri zokha, dera ndi maphunziro, kaya Mzuzu, Mzimba, Rumphi, Nkhata Bay, Karonga kapena Chitipa, kaya JCE, MSCE, pepala la TEVETA kapena digiri ya ku Mzuni. Tsiku lotsekera kufunsira ntchito lili pamwamba m'malemba akulu, chifukwa ambiri mumawerenga mpaka pansi kenako nkuzindikira kuti anatseka dzulo. Ntchito mukaitsegula kamodzi imasungika mufoni, mutha kuiwerenganso bandulo itatha. Setifiketi ingoijambulani ndi kamera, app iichepetsa yokha isanatumize. Data ikakhala yoyatsa, notifikeshoni ibwera yaulere.

Palinso batani lofiira loneneza ntchito zabodza. Wina akakuuzani kuti tumizani ndalama ya fomu kapena ya intavyu, dinani pamenepo, musatumize ngakhale tambala. Za kuika app mu Chitumbuka mwakhala mukufunsa zija ndikuzidziwa, ŵabali, sindinaiwale, koma womasulira nayenso amafuna malipiro, ndiye zidikire kaye.

Ndikuthokozeni inu amene mwakhala nafe kuyambira app ikadali yogwaigwa, ena munapeza ntchito koma simunaichotse, mumauzabe azibale anu. Ndikudziwa kuti magulu a WhatsApp ndi masamba a Facebook a ntchito alipo ambiri ndipo ndi aulere, sindingakuletseni. Chimene ndingonena nchakuti ife ntchito iliyonse timaimbira kaye olemba ntchitowo tisanaiike, ndipo ma yunitsi ake amachokanso m'thumba lomweli. Chonde musathamangire kuichotsa musanayese yatsopanoyi kwa mwezi umodzi, ikakukanikani ndiuzeni pamene yavuta, ndikonza.

App yatsopano ili pa Play Store, ingodinani update. Amene mulibe bandulo bwerani ku ofesi masana tikuikireni pa Bluetooth, koma mubwere foni ili ndi moto chifukwa magetsi athu sitingawalonjeze.

Yewo chomene, zikomo kwambiri.

Ine wanu,
Mwini wake wa app
Mzuzu