Lipoti la msonkhano wa zokonza madamu osambiramo: kupenta kapena kupaka pulasitala watsopano wa marbelite

A wapampando, a mlembi, a msungichuma ndi abale anga nonse a gulu lathu la Amalawi ogwira ntchito za m'magaladeni kuno ku Johannesburg,

Ndabwerako kumene munandituma Loweruka lija. Msonkhano unachitikira kuseri kwa sitolo ina yogulitsa mankhwala a m'madamu cha ku Randburg, ndipo ambiri amene tinasonkhana tinali aganyu ngati ife tomwe: a ku Zimbabwe, a ku Mozambique ndi a konkuno. Ndalama ya thiransipoti yotsala ndapereka kale kwa a msungichuma.

Funso munandipatsira linali limodzi. Bwana akadandaula kuti damu lake lakalamba, lathimbirira, likukanda ana kumapazi, ndiye n'kutiuza kuti tigule penti tipake, ife tizimuyankha chiyani?

Amene ankatiphunzitsa ndi bambo wachikulire amene wakonza madamu kwa zaka zambiri. Sanataye nthawi ndi zolemba pabolodi. Anatitengera kunyumba ina yapafupi kumene kunali damu lophwetsedwa, n'kutipatsa aliyense kahamala kakang'ono kuti tizigogoda pansi ndi m'makoma. Ine ndinayambira kosaya, pafupi ndi masitepe. Pamenepo pankamveka kuti ngwe ngwe, ngati ukugogoda mwala. Nditatsikira kokuya, phokoso linasintha n'kumamveka phu phu ngati chikho chopanda kanthu, pomwe m'maso pankaoneka bwinobwino. Bamboyo anazunguliza malowo ndi choko, n'kumenya kamodzi ndi tchizulo. Chigamba chachikulu ngati mbale ya nsima chinasendeka, ndipo kunsi kwake kunali chinyezi. Pomaliza, damu lonse linali ndi mizere ya choko ngati mapu.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, abale anga. Penti amamatira pa chimene wachipeza. Ngati pulasitala walekana ndi konkire wa kunsi, pentiyo adzachoka pamodzi ndi pulasitalayo, kaya munagula wodula chotani. Malo olira phu phu akakhala awiri kapena atatu ang'onoang'ono, mukhoza kugoba, kumata, n'kupenta. Akachuluka, kapena marbelite ikamafumbutuka ngati mchenga mukaipala ndi chala, damulo likufuna pulasitala watsopano basi.

Zimenezi zinandikhudza chifukwa zinandionekerapo. Chaka changa chachiwiri kuno ndinapenta damu la panyumba ina pamene ndinkagwira masiku awiri pa sabata. Sindinagogode, sindinadikire kuti liume, ndinangotsuka lero mawa n'kupaka. Linawala ndithu, adona anakondwa. Mvula itayamba, penti anatukusira matuza ngati khungu lopsa ndi madzi otentha, zidutswa zake n'kumatseka basiketi ya pampu. Ntchito inathera pomwepo, ndipo mwezi umenewo kumudzi sindinatumize kanthu. Sindikufuna wina wa ife adutsemo.

Za penti tinaphunzira kuti sali mtundu umodzi. Pali wa chlorinated rubber, wotsika mtengo, amene amakhala zaka ziwiri kapena zitatu. Pali wa epoxy, wobwera m'zitini ziwiri zosakaniza, amene akapakidwa bwino amatha kufika zaka zisanu kapena kuposerapo. Mitundu iwiriyi sigwirizana: epoxy pamwamba pa rubber sagwira. Choncho damu likakhala lopentedwa kale, muyambe mwadziwa kuti anapakapo mtundu wanji. Mupukute pang'ono ndi kansalu konyowetsa ndi mankhwala osungunula penti otchedwa xylene. Penti akafewa n'kumanata ndiye kuti ndi rubber, akapanda kusintha ndi epoxy. Ndipo epoxy mukasakaniza sadikira munthu, amayamba kulimba m'chitini momwemo, choncho muzisakaniza wokwanira kumaliza nthawi yomweyo.

Mdani wamkulu wa penti ndi chinyezi. Mukatsuka ndi asidi n'kutsukuluza, damu liyenera kuuma masiku angapo. Njira yoyesera ndi yosavuta: mumate pepala la pulasitiki pansi kokuya ndi tepi mbali zonse, mulisiye usiku wonse. M'mawa mukapeza thukuta kunsi kwake, musatsegule chitini. Mukamaliza kupaka, pamafunikanso pafupifupi sabata madzi asanalowe. Ndiye nyengo muziiwerengera. Kuno mvula imagwa kuyambira Okutobala mpaka Malichi, kawirikawiri ya mabingu chakumadzulo, pomwe mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka chisanu kuyera pa kapinga, ndipo epoxy salimba bwino kukazizira kutsika madigiri 10. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Epulo ndi Meyi, kapena Ogasiti ndi Seputembala. Dzuwa la kuno nalonso ndi lakuthwa, paja mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndiye penti amayamba kutuwa ndi kusiya ufa m'manja msanga.

Marbelite ndi simenti yoyera yosakaniza ndi miyala ya mabo yopera. Imadula kwambiri kuposa penti, koma madzi akamasamalidwa imapitirira zaka 10. Iyi si ntchito ya munthu mmodzi ndi mnzake womuthandiza. Pamafunika gulu la amisiri oti ayambe ndi kumaliza tsiku lomwelo, apo ayi polumikizira pamaoneka mpaka kalekale. Gawo lathu limabwera iwo akachoka. Madzi akayamba kulowa, paipi isatsekedwe mpaka afike pa matailosi, chifukwa pamene aima pamatsala mzere wosafufutika. Masabata oyamba muzikwecha ndi bulashi yofewa tsiku lililonse, makina oyamwa zinyalala m'damu a Kreepy Krauly akhale kunja, ndipo ngati damu ndi la mchere, mcherewo udikire pafupifupi mwezi. Muziyeza pH, muyezo wa asidi m'madzi, pafupipafupi kuti ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6, poti pulasitala watsopano amaikweza. Bamboyo ananenetsa kuti madamu ambiri amene amakakala msanga amadyedwa ndi asidi wothira mopyola muyezo, ndipo wothirayo nthawi zambiri timakhala ife. Mawu amenewa anandilasa, koma ndi oona.

Chinthu china chimene mabwana ambiri sadziwa: damu la marbelite ukangolipenta kamodzi, tsiku lofuna kubwerera ku marbelite penti yense ayenera kupalidwa ndi gilayinda kapena makina opopera mchenga, ndipo ndalama imene anapulumutsa ija imathera pamenepo. Bwana amene akugulitsa nyumba chaka chamawa akhoza kusankha penti, n'zomveka. Koma amene akhalitsepo tizimuuza zoona zake, asankhe akudziwa.

Tinakambanso za kuphwetsa madzi. Damu la mamita 8 m'litali, 4 m'lifupi ndi 1.5 kuya kwake limasunga malita 48,000, ndipo kulemera kwa madziwo ndi kumene kumalikhazika pansi. Mukaphwetsa nthawi ya mvula nthaka itakhuta madzi, limatha kung'aluka ngakhale kutukuka kumene. Musaphwetse popanda chilolezo cha mwini wake. Damu likamataya madzi, penti kapena pulasitala sizitseka mng'alu wa m'konkire, afufuze kaye podontha. Abale amene mumagwira cha ku Centurion, kumene nthaka yake ndi ya dolomite, mwala wosungunuka ndi madzi, musachedwe kunena mukaona madzi akutsika, chifukwa madzi odontha amakumba mapanga pansi mpaka nthaka kutitimira.

Za moyo wathu ndisaiwale. Asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi. Asidi ndi klorini zisayandikane ngakhale m'ndowa imodzi, mpweya wake umapha. Fungo la penti limatsikira kokuya n'kukhazikika kumeneko, choncho wopaka avale chophimba kumphuno chokhala ndi zosefera, ndipo pamwamba pakhale mnzake womuyang'anira.

Ndikupempha gulu kuti pa ndalama za m'thumba lathu tigule zophimba kumphuno ziwiri, magalasi ndi magolovesi a labala, zoti tizibwerekana wina akapeza ganyu yopenta. Ndikupemphanso kuti abale athu awiri aja amene anali amisiri omanga kumudzi tiwathandize kupeza malo othandizira pa gulu lopaka marbelite, aphunzire ndi manja awo, kuti mtsogolo ntchito zoterezi zisamatidutse. Ndipo aliyense asanavomere kupenta, agogode damu pamaso pa bwana, ajambule malo olira phu phu, atumize zithunzizo pa WhatsApp ya bwanayo pamodzi ndi zimene agwirizana.

Lamulungu likudzali tikakumana tikatuluka ku tchalitchi ndidzabweretsa kahamala, choko ndi pepala la pulasitiki. Amene ali ndi damu lomusowetsa mtendere kuntchito abwere ndi zithunzi zake tidzaonere limodzi.

Ine nthumwi yanu.