Ndinamukalipira pagulu ndisanaone za kunyumba kwake

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 47, wobadwira konkuno ku Harare. Agogo anga anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya, mzinda uno ukadali Salisbury. Tilipo amayi asanu amene timaphika nsima pafupi ndi msika wa Mbare Musika, ndipo phindu timagawana Loweruka lililonse. Ine ndiye msungichuma.

Chipsereni msika mu Okutobala 2024, malonda athu sanabwerere mwakale, ndiye mitima imakhala m'mwamba. Wamng'ono pa tonsefe anayamba kufika 9 koloko, pomwe moto timakoleza 5 koloko m'mawa. Tsiku lina ndinamukalipira pamaso pa anyamata okankha ngolo amene amadya kwathu. Ndinati ndi manja lende, amangodziwa kutambasula dzanja Loweruka. Gawo lake ndinalidula. Iye sanayankhe, anangopukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kupitiriza kudula anyezi. Ine n'kumati ndi anyeziwo.

Sabata yatha ndinapita kwawo ku Epworth kukatenga mphika waukulu umene anabwereka. Azakhali, ndinapeza apongozi ake ali gone pamphasa, anafa ziwalo mbali imodzi. Iyeyo ndiye amawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi supuni, kenako n'kusiya kamtsikana ka woyandikana nawo kakuwayang'anira. Ndalama ya kombi (minibasi) ikasowa amayenda wapansi mtunda ndithu. Mwamuna wake ali ku Johannesburg, ndipo papita miyezi osatumiza kalikonse. Mphika uja ndinabwerera osautchula n'komwe.

Vuto langa ndi ili. Anzanga atatu aja akufuna timuchotse mwezi ukatha, akuti aliyense ali ndi mavuto ake ndipo nsima siidikira munthu. Sindikuwada, chifukwa ine ndi amene ndinayambitsa nyimboyi. Koma mwanayu anandigwira dzanja pakhomo n'kundipempha kuti ndisauze aliyense, safuna kumveredwa chisoni ngati wopemphetsa.

Nanga ndiwafewetse bwanji mitima anzangawa popanda kuulula chinsinsi chake? Ndimaganiza zoti iye azifika mochedwa koma azitsala madzulo kutsuka mapoto, kungoti adzandifunsa chifukwa. Komanso poti ndinamunyoza pagulu, kodi kupepesa kuseri n'kokwanira? Ndalama ndinamudula zija zinagawidwa kale. Ndimubwezere za m'thumba mwanga mwakachetechete, kapena adzaona ngati ndikugula chikhululuko?

Ine wosowa tulo,
Mayi wa ku Mufakose