Kwa kampani yosunga masheya anga: konzani 1099-B yanga tsiku la 15 Epulo lisanakwane

Inu a kampani imene mumasunga masheya anga, ndabwera nazo pagulu chifukwa kumbali ndalephera nanu. Ndaimba foni kasanu, ndalemba mauthenga osawerengeka, mwandipatsa manambala atatu a dandaulo, koma mpaka lero, kumapeto kwa Malichi 2025, fomu yanga ya 1099-B, ija yosonyeza masheya amene ndinagulitsa yomwe imafunika polemba msonkho pofika pa 15 Epulo, ikadali ndi zolakwika zomwe zija. Kalata ya Chingerezi muli nayo kale. Iyi ndalemba m'Chichewa mwadala, kuti abale anga kuno ku South Bend, Indiana, amve zimene zandionekera, pakuti ena mwa iwo ndinawakokera ndekha kwa inu.

Ine sindine munthu wachuma. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku. Kuyambira 2016 ndakhala ndikupatula kangachepe pa malipiro n'kumagula masheya a kampani imodzi. Oyambirira ndinagula pa madola 41 sheya imodzi. Chakumapeto kwa 2021 ndinawonjezera ena ambiri pa madola 92. Amene simunalowepo m'zimenezi, dziwani kuti masheya ogulidwa tsiku limodzi pa mtengo umodzi amasungidwa ngati mulu wakewake, monga milu ya tomato pamsika. Azungu amati tax lot. Ukagulitsa, IRS, bungwe la misonkho la boma la America, sidula msonkho pa ndalama yonse imene walandira. Imadula pa phindu lokha, ndiye kuti mtengo wogulitsira kuchotsapo mtengo umene unagulira, womwe amautcha cost basis. Choncho mulu umene watapapo ndi umene umanena kukula kwa msonkho wako.

Mu Juni 2024 ndinafuna ndalama yomalizitsira nyumba ya mayi anga kumudzi mvula isanayambe. Ndinagulitsa masheya 150 pa madola 98 iliyonse. Pa app yanu pali malo osankhira mulu, ndipo ndinasankha wa 2021. Masamu ndinali nditachita kale: phindu la madola 6 pa sheya, onse pamodzi madola 900, ndipo popeza ndinawasunga kupitirira chaka, msonkho wa 15 peresenti ukanakhala madola 135. Chithunzi cha sikirini yosonyeza mulu umene ndinasankha ndili nacho, tsiku ndi nthawi zikuoneka bwinobwino.

Inu munagulitsa ena. Munatenga akale kwambiri, a 2016, mwa njira ija ya FIFO, yakuti woyamba kulowa ndiye woyamba kutuluka. Njira imeneyo ndikuidziwa, ndipo lamulo limati igwire ntchito pamene mwini masheya sananene kanthu. Ine ndinanena. Nditaona chikalata chotsimikizira malondawo patatha masiku awiri ndinaimba foni, ndipo wantchito wanu anandiuza kuti ndachedwa, chifukwa kuyambira pa 28 Meyi 2024 malonda a masheya ku America amatsekedwa tsiku limodzi lantchito pambuyo pogulitsa, ndipo kusankha mulu kumathera pomwepo. Zoona, lamulo ndi lomwelo. Koma ine sindikupempha kuti ndisinthe maganizo nthawi itatha. Ndinasankha pa ola lenileni logulitsa. Wantchito wachiwiri anavomera kuti nditasintha mtengo pa oda yanga, makina anu anataya zimene ndinasankha osandichenjeza. Ngati zili choncho, cholakwacho n'cha ndani? Anandilonjeza kuti zikonzedwa, ine n'kukhazika mtima pansi.

Pakati pa Febuluwale fomu inabwera, ndipo ndinaima mutu. Pa masheya 150 aja, 90 mwawalemba pa madola 41, phindu lake madola 5,130. Otsala 60 mwasiya bokosi la mtengo wogulira lopanda kanthu, tsiku logulira palibenso, n'kuwatcha noncovered, kutanthauza masheya amene lamulo silikukakamizani kunena mtengo wake wogulira. Nditalowetsa fomuyo mu pulogalamu yolembera msonkho, bokosi lopanda kanthulo linawerengedwa ngati ziro, ngati kuti masheyawo ndinachita kutola panjira, ndipo madola 5,880 onse anasanduka phindu. Phindu la madola 900 lafika pa 11,010. Msonkho wa madola 135 wadumpha kupitirira 1,600, osawerengera wa boma la Indiana, nawonso ukukwera limodzi. Kwa inu mwina ndi kadontho m'nyanja. Kwa ine ndi mausiku ambiri onyamula anthu pabedi, msana ukuwawa.

Za masheya 60 amenewa ndi zimene zandipweteka mtima kwambiri. Akaunti yanga ndinaisamutsa kuchoka ku kampani ina kubwera kwa inu mu 2023, kudzera mu ACATS, njira yosamutsira masheya pakati pa makampani, ndipo munandilandira ndi manja awiri. Lamulo la 2008 linakakamiza makampani ngati inu kusunga ndi kuuza IRS mtengo wogulira wa masheya onse ogulidwa kuyambira pa 1 Januwale 2011. Anga ndi a 2016, ali m'kati mwa lamuloli. Kampani yotumiza imayenera kupereka chikalata cha mitengoyo pasanathe masiku 15, ndipo yolandira ikapanda kuchiona imayenera kuchifunsa. Kampani yakale ikuti inatumiza zonse. Inu mukuti zinabwera zoperewera. Ndakufunsani katatu kuti mundionetse tsiku limene munalembera anzanuwo kufunsa zotsalazo, simunandiyankhe. Chaka ndi theka masheyawo anakhala m'manja mwanu opanda mtengo wogulira, ndipo palibe amene anandiuza. Ndikanadziwa ndikanakutumizirani masitetimenti akale nthawi yomweyo, pakuti ndinasunga onse mufayilo. Ndakutumizirani tsopano, kawiri, ndipo kachiwiriko munati simukuwapeza.

Yankho limene mumakonda ndi lakuti simupereka uphungu wa msonkho, ndikaonane ndi wodziwa za misonkho. Ndinapita, ndinalipira ndalama yanga. Mayiyo anandifotokozera kuti pa Form 8949, fomu ya msonkho yolembapo masheya ogulitsidwa, ndingathe kulemba ndekha mtengo woona wa masheya 60 aja, popeza umboni ulipo. Izo n'zotheka. Koma nkhani ya mulu wolakwika anati singathere pa fomu yanga yokha, chifukwa lamulo limafuna kuti kampani itsimikize polemba kuti ndinasankha mulu wakuti. Popanda kalata yanu, mawu anga alibe mwendo woimira. Ndikalemba zanga zosiyana ndi zimene munatumiza ku IRS, makompyuta awo akhoza kuona kusiyanako, ndipo kalata yawo ya CP2000, yonena kuti ziwerengero sizikugwirizana, imatha kufika patapita chaka kapena kuposerapo, chiwongoladzanja chili pamwamba. Mlandu suola. Idzandipeza ine, inu muli phee.

Ndipo pali china chimene palibe wantchito wanu wafuna kuchimva. M'mabuku mwanu mulu wa 2021 ukadalipo, wa 2016 unapita. M'mabuku mwanga ndi mosemphana. Tsiku limene ndidzagulitsenso, fomu ina idzatuluka yolakwika, ndipo tidzayambiranso pomwe pano. Cholakwa cha tsiku limodzi chidzanditsata mpaka sheya yomaliza.

Wina wa inu anandiuza kuti ndingopempha nthawi yowonjezera ndi Form 4868. Fomu imeneyo imakankhira tsiku lotumiza mapepala ku 15 Okutobala, koma ndalama ya msonkho imafunikabe pa 15 Epulo. Ndiye ndilipire iti, 135 kapena 1,600? Ndikalipira yaikuluyo ndiye kuti ndikakongole, kenako ndidikire miyezi kuti ibwezedwe, zonsezi chifukwa cha makina anu.

Abale anga amene muli ndi akaunti kumeneku, makamaka amene munasamuka kuchokera kwina, lowani lero muone ngati mulu uliwonse uli ndi tsiku ndi mtengo wogulira. Mukagulitsa, jambulani sikirini, ndipo muwerenge chikalata chotsimikizira tsiku lomwelo, osadikira mawa. Ndinakuuzani kuti kampaniyi ndi yabwino, n'chifukwa chake ndili ndi udindo wokuuzaninso izi.

Tsono inu a kampani, zimene ndikufuna sizambiri. Bwezerani malonda a Juni aja ku mulu wa 2021 umene ndinasankha, ndipo mundilembere kalata yotsimikiza zimenezo. Lowetsani mitengo ndi masiku a masheya 60 aja kuchokera m'masitetimenti amene ndakupatsani. Kenako tulutsani 1099-B yokonzedwa, kwa ine ndi ku IRS komwe. Mundipatsenso munthu mmodzi, wa dzina ndi nambala yake, woti azitsatira nkhaniyi, ndatopa kufotokoza kuyambira pachiyambi kwa munthu watsopano nthawi iliyonse. Chonde musandiyankhe pansipa ndi mawu aja akuti ndikutumizireni uthenga kumbali, ndinatumiza kale ndipo manambala a dandaulo muli nawo.

Ndikudikira mpaka Lachisanu pa 4 Epulo. Likadutsa tsiku limenelo, chithunzi cha sikirini chija, masitetimenti ndi mndandanda wa mafoni onse ndikazitula ku FINRA ndi ku SEC, mabungwe oyang'anira makampani a masheya, ndipo ndikadzamaliza za msonkho masheya anga otsala ndidzawasamutsa.