Owathandiza anzawo ku koleji tiziwaganizirako

Akonzi,

Ine ndimakhala ku Mbare kuno ku Harare, makolo kwawo ku Dedza. Mwana wanga wamkazi chaka choyamba ku koleji calculus inamukhaulitsa zedi, mayeso oyamba analakwa, kunyumba misozi yokhayokha. Anamupulumutsa ndi mnyamata wina wa chaka chachitatu amene anakhoza kale kosiyo, Lachitatu lililonse amawasonkhanitsa ana sikisi ndipo ma ansa sawapatsa ayi, amawasiya azilimbana ndi mapepala a mayeso akale pa bolodi mpaka wina afotokozere mnzake, zikavuta amalowa mu Chishona. Kwa mnzako sumachita manyazi kufunsa chinthu chomwecho katatu, kwa alekichala ungayerekeze?

Nanga makoleji bwanji osawapatsako ana oterewa ngakhale ya kombi yokha? Mnyamatayu akamaliza amabwerera wapansi.

Kholo lodandaula,
Mbare, Harare