Tiuzeni za kagundidwe ka mtima tisanasiye mankhwala

Akonzi,

Mayi anga kuno ku Chiputula amamwa atenolol wa BP. Tsiku lina anadzigwira pamkono nkumva mtima ukugunda pang'onopang'ono, basi mantha, mankhwala nkusiya osauza munthu. Titapita nawo kuchipatala mpomwe adokotala anatifotokozera bwinobwino, zinthu zoti bwenzi tinauzidwa tsiku loyamba lomwe.

Kumtunda kwa mtima mbali yakumanja kuli kagulu ka maselo kotchedwa sinoatrial node, kamayambitsa kugunda pakokha, ka 60 mpaka 100 pa mphindi munthu atakhala phee. Mukamathamangira minibasi kudepoti timadzi ta m'thupi totchedwa adrenaline timafika pa maselowa, kanthu kopereka uthenga kotchedwa cAMP nkuchuluka mkati mwake, timakomo totchedwa HCN timatseguka kwambiri mchere wa sodium nkumalowa, mtima uja thi thi thi. Mukagona mtsempha wa vagus umatulutsa timadzi tina totchedwa acetylcholine tomwe timachepetsa liwiro la mtimawo. Nde atenolol amatchinga pomwe adrenaline amagwira, kutsika kwa kagundidwe ka mtimako ndi ntchito yake, koma kungosiya mwadzidzidzi nkoopsa, mukamva chizungulire pitani akakuoneni.

Chonde anesi ndi a wailesi, izi tiziuzidwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, makolo athu akumwa mapilisi ndi mantha.

Wowerenga wanu,
Chiputula, Mzuzu