Kalata kwa makasitomala athu pa za mabuku okonzekera mayeso a udokotala

Okondedwa madokotala, ophunzira ndi nonse amene mumagula mabuku kwa ife,

Moni kuchokera kuno ku Tete, m'dziko la Mozambique. Kalatayi ndailemba usiku titatseka sitolo, ndipo ndisabise, sindimafuna kuilemba. Wamalonda sayanika thumba lake pabwalo. Koma wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndipo mwambi umenewu inu madokotala mumaudziwa kuposa ine.

Kuyambira pa 1 mwezi wamawa, mabuku okonzekera mayeso a udokotala sitiziwasunganso m'sitolo. Wofuna buku azitiuza, alipire theka la mtengo, ndipo lotsala adzapereke tsiku lolandira. Buku la ngongole nalo talitseka.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kung'ung'udza, choncho ndiloleni ndifotokoze, ngakhale zikundiwawa kuti patapita zaka zonsezi ndiziima ngati wolakwa pabwalo la milandu.

Mabuku amenewa sasindikizidwa kuno. Achipwitikizi amachokera ku Portugal ndi ku Brazil, achingelezi timawapeza kudzera ku Johannesburg, ndipo ogulitsa onsewo safuna kumva za metikali, ndalama yathu. Papepala dola yakhala pa mametikali pafupifupi 64 kwa nthawi yaitali, koma pitani mukaipemphe ku banki muone. Ndimapereka zikalata zonse, amandiuza kuti ndibwere sabata yamawa, sabata yamawayo amati pempho lidakali pamzere. Poti ndalama izituluka, wogulitsa uja wakweza kale mtengo, ndipo ali ndi chipongwe chonena kuti ochedwa ndife. Wina amene tinagwira naye ntchito zaka zambiri anachita kutilembera kuti sangatitumizirenso kanthu tisanalipire zonse. Zonse! Ngati kuti tinamuthawirapo ndi khobidi lake.

Katundu akanyamuka, nkhani sinathe. Pa zipolowe zotsatira zisankho za October 2024 misewu inkatsekedwa, ndipo makatoni athu anagona panjira masabata, ine ndikulipirabe lendi ndi magetsi. Kuchokera ku Maputo kufika kuno ndi makilomita opitirira 1,500, ndipo kilomita iliyonse ili ndi mtengo wake. Palinso abwana ena osayina mapepala, sinditchula komwe amakhala, amene amatembenuza buku la matenda a ana ngati ndi katundu wozembetsa, lero akufuna chidindo ichi, mawa icho. Nthawi ina katoni inafika yonyowa pansi, masamba atamamatirana. Palibe anavomera kuti ndi iye. Ndinaluza ndine.

Koma chimene chandithyola msana kwenikweni ndi chakuti buku la zamankhwala limakalamba msanga. Mtanthauziramawu ukhoza kukhala pashelefu zaka khumi n'kugulikabe. Buku la mayeso ayi. Pamene dziko lathu linayamba kusamutsira odwala HIV ku mankhwala okhala ndi dolutegravir mu 2019, mabuku onse amene ankaika efavirenz patsogolo anasanduka zinyalala. Mu 2022 bungwe la WHO linavomereza njira ya miyezi 6 yochizira TB yosamva mankhwala, ija ya bedaquiline, pretomanid ndi linezolid, ndipo mulu wina unafera pomwepo. Ndili nawobe m'chipinda chakumbuyo mabuku onena kuti malungo aakulu aziyambira pa kwinini, pomwe aliyense wa inu amadziwa kuti ndi jekeseni wa artesunate. Ndingamugulitse ndani? Dokotala amene akukonzekera mayeso olowera maphunziro a ukatswiri, kapena amene akumaliza n'kukaima pamaso pa akuluakulu a Ordem dos Médicos, bungwe loyang'anira madokotala, amatsegula tsamba loyamba kuona chaka, akaona chakale amabweza mwakachetechete. Ndipo salakwa. Ndikadakhala ine ndikadachita chimodzimodzi. Koma ndalama yanga yagona m'menemo, ikudyedwa ndi fumbi ndi kutentha kwa Tete kumene kumasungunula ngakhale guluu wa chikuto.

Pena ndinadzipweteka ndekha. Achinyamata angapo anandinyengerera kuti ndiitanitse mabuku a USMLE Step 3, mayeso omaliza a chiphaso cha udokotala ku America, amene ambiri kumeneko amalemba ali kale pa maphunziro a ukatswiri m'chipatala. Ndi mayeso a masiku awiri, tsiku lachiwiri pamakhalanso odwala oyerekezera pa kompyuta, ndipo amalembedwera ku America komweko, munthu atakhoza kale mayeso oyambirira a Step 1 ndi Step 2. Ndinaganiza kuti ngakhale osapita kunjako adzagula pofuna kunola mutu. Ndinalakwitsa. Dokotala wa m'boma la Angónia kapena la Macanga amadzuka ndi malungo, TB, kolera ndi amayi ovutika pobereka, ndipo mabuku amenewa zinthu zimenezi amangozikhudza pamwamba. Amene anandipempha aja ena anasamutsidwa, ena anasiya kuyankha foni. Mabuku awo ali pompano, olemera ngati njerwa.

Za ngongole sindinena zambiri. Ndinayamba kulemba maina mu 2023, nthawi ya sitalaka ya madokotala, chifukwa ndinaona kuti zinthu zinali zothina. Ambiri munabweza, Mulungu akudalitseni. Ena mukandiona pamsika mumawoloka msewu. Ndipo zimandipweteka ndikamva kuti buku limene wina anatenga pangongole lajambulidwa lonse n'kumazungulira pa WhatsApp kwaulere. Ena mwandipempha kuti ndizingokuchitirani fotokope. Sindichita, ndi kuba, komanso zithunzi za X-ray ndi za matenda a pakhungu zimatuluka zakuda bii, moti simungaphunzirepo kanthu.

Ndikuthokoza inu amene mwakhala nafe chiyambire tili ndi tebulo limodzi, makamaka ophunzira a ku yunivesite ya UniZambeze amene lero ndinu madokotala m'maboma ndipo mumatumabe abale kudzagula kuno. Ndikudziwa kuti mukhoza kuitanitsa kwina pa intaneti, kapena kutuma mnzanu wa ku Beira. Chonde musatitaye. Sitoloyi ikudyetsa banja langa ndi la mnyamata amene amakulandirani pakhomo, ndipo sindikufuna kumuuza kuti ntchito yatha.

Mitengo yatsopano muzifunsa poitanitsa, chifukwa ikusintha katundu aliyense akamabwera. Tsiku lofika sindingalonjeze, choncho itanitsani mayeso akadali kutali. Theka lija mukhoza kutumiza pa foni kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola. Mabuku akale amene atsala tikugulitsa motchipa, koma ndizikuuzani chaka chake musanalipire. Makope, zolembera ndi kusindikiza zolemba zanu zikupitirira monga kale.

Amene muli ndi ngongole, bwerani tikambirane mwezi uno usanathe, ngakhale muzipereka pang'onopang'ono.

Ndine wanu,
Mwini sitolo